Funsani Ankolo: kosi ya kompyuta ku yunivesite izikhala ndi chani kwenikweni?

Ulendo uno makalata ambiri abwera pa nkhani imodzi, ya maphunziro a kompyuta ku yunivesite. Ndasankhapo ochokera konkuno kwathu ku Thyolo ndi Mulanje, ena ndawadula pang'ono chifukwa cha malo.

Funso: Ankolo, ndine mnyamata wa ku Luchenza, ndalemba MSCE ndipo ndikufuna kuika kosi ya kompyuta ku MUST pompa pa Ndata kapena ku Chanco. Koma nzanga wina amene ali chaka choyamba wandionetsa manotsi ake, masamu okhaokha, ena akuti discrete mathematics. Ine ndikufuna kuphunzira kupanga ma app basi. Masamu onsewa ndi a chani, si kungotitayitsa nthawi?

Yankho: Mphwanga, kupanga app utha kuyamba panopa pa YouTube bola bandulo ilipo, ndipo yamba ndithu osadikira dzina lako lituluke ku NCHE. Koma digiri ya zaka 4 ikakhala yongophunzitsa zimenezo ndiye kuti fizi ya makolo ako yapita padera, chifukwa zida zopangira ma app zimasintha mwachangu kwambiri, chomwe chili pa fasho ukulowa chaka choyamba chitha kukhala chakale tsiku lovala gauni. Masamu ukuwadawo ndi amene sasintha.

Tamvera izi. Mu 2017 a NRB analembetsa anthu opitilira 9 miliyoni pa ziphaso za unzika. Tiyerekeze akupatsa manambala onsewo nkukuuza kuti peza munthu mmodzi. Ukalemba pulogalamu yoyambira pamwamba nkumatsika mmodzimmodzi, tsiku loipa iyang'ana ka 9 miliyoni isanamupeze. Koma ukawasanja kaye manambalawo mwandondomeko, nkutsegula pakati penipeni, nkuona ngati yomwe ukufunayo ili kumtunda kapena kumunsi, nkutaya theka lomwe mulibe, nkubwerezanso chimodzimodzi pa theka latsalalo, munthu wako umupeza osadutsa ka 24. Imeneyo ndi binary search, ndipo 24 ameneyo wachokera ku ma logarithm aja umawathawa ku sekondale. Pa kompyuta yamphamvu mwina kusiyanaku sungakuone msanga, koma pa kafoni kotchipa komwe anthu athu ambiri ali nako ndi pomwe zimaonekera, app ina imatseguka pompopompo ina imangozungulirazungulira mpaka munthu nkuifufuta.

China. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy atakokolola milatho ndi kudula misewu kuno, aliyense wonyamula thandizo funso lake linali limodzi, njira yaifupi yomwe yatsala ndi iti. Mu discrete mathematics, masamu a zinthu zowerengeka chimodzichimodzi, muli mutu wa ma graph, malo amakhala timadontho misewu nkukhala mizere yolumikiza, ndipo Edsger Dijkstra wa ku Netherlands anatulutsa njira yopezera msewu waufupi mu 1959 yomwe mpaka lero ikugwirabe ntchito. Galimoto yotolera masamba a tiyi m'masikelo osiyanasiyana funso lake ndi la mtundu womwewo.

Nde kwa ine mtima wa kosi yonse ndi phunziro la data structures (kasanjidwe ka zinthu mu kompyuta) ndi ma algorithm (ndondomeko zothetsera vuto ngati ziwiri ndatchulazi), ndipo lisamakhale semesita imodzi yothamangitsa ayi, likhale chaka chathunthu, wophunzira azilemba yekha chilichonse osati kukopa. Pambali pake pakhale logic, probability ndi statistics, komanso linear algebra poti zonse za AI zakhala pamenepo. Pomwe ndikugwirizana nawe mpakuti masamuwa akamaphunzitsidwa pa bolodi pokha osakhudza kiyibodi amatopetsadi ndipo mwana saona ntchito yake. Zimafunika kuti zomwe zalembedwa pa bolodi Lolemba, pofika Lachitatu zikhale zikuthamanga mu labu. Ukakafika kumeneko nkupeza sizili choncho uzikazilemba wekha madzulo.

Funso: Ankolo, mwana wanga wamkazi ali chaka chachiwiri kosi ya kompyuta, ndimamulipirira ndi geni ya nanazi. Holide yapitayi foni yanga inafa sikilini, ndimati akonze iye akuti sadziwa, mpaka ndinakapereka kwa mnyamata wa pamsika pa Chitakale amene olo ku koleji sanapiteko. Nde kusukuluko akuphunzira chani?

Yankho: Mayi, mtima pansi, ndalama yanu sikupita pachabe. Mnyamata wa pamsika uja ali ndi luso lenileni ndipo tizimulemekeza, kungoti ntchito yake ndi ya mwana wanu nzosiyana. Inu mukadina *211# kapena *444# kutumiza ndalama ya nanazi, kuseli kwake kuli pulogalamu yomwe imayenera kuchotsa ndalamayo kwa inu nkuyiika kwa mnzanuyo, ndipo netiweki ikaduka pakatikati, zichitike zonse ziwiri kapena pasachitike chilichonse, osati kwa inu yachoka kwa mnzanu sinafike. Kuonetsetsa kuti zimenezo zikuyenda bwino kwa anthu miyandamiyanda nthawi imodzi ndi zomwe mwana wanu akuphunzira mu phunziro la ma database (mosungira zolembedwa mu kompyuta) ndi ma netiweki.

Mayina a makosiwa amasokonezadi. Computer science imalowa kwambiri m'maganizo ndi masamu a mmene kompyuta imathetsera mavuto. Software engineering ndi ya kamangidwe ka mapulogalamu akuluakulu ndi gulu la anthu, kuti akhale olimba ndi osavuta kukonza akaonongeka. IT ndi yoika ndi kusamalira zipangizo ndi ma sisitimu pa ofesi. Zaka ziwiri zoyamba zimafanana ndithu.

Komabe funso lanu lili ndi mfundo. Kuno kwathu munthu akalembedwa ntchito pa boma kapena pa esiteti, kaya pepala lake likuti chani, aliyense amangomuti wa IT, pulinta ikakana ndi iye, intaneti ikathawa ndi iye. Choncho ine ndimaona kuti chaka choyamba pazikhala labu imodzi yoti mwana amasule kompyuta ndi manja ake, aone RAM (memore) ndi disiki, aike yekha Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta ngati Windows, alumikize makompyuta awiri atatu ndi waya azilankhulana. Nde akabwera holide ino musamupatsenso foni yakufa, mumuuze akuonetseni chinthu chomwe wapanga yekha chikugwira ntchito, olo kapulogalamu kowerengera ngongole za makasitomala anu. Wa chaka chachiwiri ayenera kukhala nacho.

Funso: Ankolo, ndine kalaliki wa gulu la alimi ang'onoang'ono a tiyi mbali ya ku Muloza. Tinalemba ganyu mnyamata wa digiri kuti atipangire pulogalamu yolembera makilo a masamba pa sikelo mmalo mwa mabuku. Pa laputopu yake mu ofesi imaoneka bwino zedi. Titapita nayo kusikelo netiweki kulibe, yosatseguka. Kenako alimi awiri a mayina ofanana makilo awo anasakanikirana, malipiro a pamwezi amasiyana ndi a m'buku ndi timatambala, ndipo pano mnyamatayo anapita ku Lilongwe palibe amene angaikhudze. Tabwerera ku mabuku. Kodi kusukuluko sawaphunzitsa?

Yankho: Achimwene, kalata yanu ndi yomwe yandikhudza kwambiri, ndipo ndikanakonda aliyense wokonza silabasi ya kosi imeneyi ataiwerenga. Mnyamatayo mwina koding'i amaitha bwinobwino. Chomwe sanaphunzire, kapena anangoloweza pokonzekera mayeso, ndi software engineering. Vutoli si la kuno kokha, mu 1968 akatswiri anachita kukumana ku Garmisch ku Germany chifukwa mapulogalamu akuluakulu amachedwa, amadya ndalama zambiri nkumalepherabe, ndipo dzina loti software engineering linatchuka kuchokera pa msonkhano umenewo.

Tiyeni tione mavuto anuwo limodzilimodzi. Za netiweki, iye asanalembe mzere olo umodzi amayenera kubwera kusikelo kwanu mmawa, kukhala pansi nkuona mmene amayi akutsitsira madengu, mzere mmene ukuyendera, manja a kalaliki onyowa ndi mame kapena mvula, dzuwa likawala sikilini yosaoneka, foni ilibe ndodo olo imodzi. Akanadziwa tsiku lomwelo kuti pulogalamuyi iyenera kusunga zonse mufoni momwemo, pali ka database kakang'ono kotchedwa SQLite komwe kali kale mufoni iliyonse ya Android, nkudzatumiza ku seva, kompyuta yaikulu yosunga zonse, madzulo mukafika pomwe pali netiweki. Kufunsa ndi kuonerera anthu omwe adzagwiritse ntchito chinthucho ndi phunziro palokha ndipo silingaphunzitsidwe m'kalasi mokha.

Za mayina ofanana, ili ndi lamulo la sabata zoyambirira za phunziro la database, dzina la munthu sulisandutsa chomuzindikirira, mlimi aliyense amafunika nambala yakeyake yosafanana ndi ya wina. M'midzi mwathu momwe mfunda umodzi uli ndi mabanja ambirimbiri zimenezi sizochita kuganizira kawiri.

Za matambala ndiye zosangalatsa. Uzani mwana aliyense amene ali ndi Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu, alembe 0.1 + 0.2, yankho silibwera 0.3 ayi, libwera 0.30000000000000004, chifukwa kompyuta imasunga manambala ndi 0 ndi 1 basi ndipo ma desimo ena sakwanira ndendende mmenemo. Kakusiyana kameneko mukakachulukitsa ndi makilo a alimi onse mwezi wonse, kwinaku mukudula manambala pamalo olakwika, kamatulukira pa malipiro. Wodziwa amasunga ndalama ngati matambala athunthu, K1 nkukhala 100, kapena amagwiritsa mtundu wa nambala wopangidwira ndalama. Ichi nchifukwa chake ndimalimbikira kuti kosi isathawe phunziro la mmene kompyuta imagwirira ntchito mkati mwake, ndipo mwana aliyense alaweko chilankhulo cha C olo semesita imodzi kuti aone memore ndi maso.

Ndipo zonsezi zikanagwidwa msanga pakanakhala kuyesa. Amayenera kutenga buku lanu la mwezi watha, kulowetsa makilo onse, nkuona ngati pulogalamu ikutulutsa malipiro ofanana ndi omwe munalipira, kenako nkulemba mayeso oti azithamanga okha nthawi iliyonse akasintha kanthu. Mwezi woyamba buku ndi foni zimayenera kuyendera limodzi.

Pomaliza pa zoti mnyamatayo wapita ndipo palibe angaikhudze. Khodi, zolemba zomwe zimapanga pulogalamuyo, imayenera kukhala pa Git, chida chomwe Linus Torvalds anapanga mu 2005 chosunga mbiri ya kusintha kulikonse, pamodzi ndi kapepala kofotokoza mmene wina angaiyambitsire, ndi bakapu ya makilo anu pamalo awiri. Ine ndikanakhala wokonza silabasi, Git ikanayamba semesita yoyamba ndipo asayimenti iliyonse ikanaperekedwa kudzera mmenemo. Chaka chachitatu ndikanaika pulojekiti ya gulu ya chaka chonse yokhala ndi kasitomala weniweni, gulu la alimi ngati lanuli, banki mkhonde, chipatala chaching'ono, sukulu ya CDSS, ndipo malikisi ambiri azichokera pa funso loti kodi anthuwo akuigwiritsadi ntchito patatha miyezi. Ndikanawonjezeranso china chomwe ambiri sachita, gulu lililonse lizilandira khodi yosiyidwa ndi a chaka chatha nkuipitiriza, chifukwa kuntchito nthawi yambiri umakhala ukuwerenga ndi kukonza zolemba ena osati kuyamba zako zatsopano. MUST ili pakati pa minda ya tiyi, nthochi ndi makademiya, makasitomala oterewa ali pakhomo pomwepo.

Zitsanzo zabwino tili nazo konkuno. A bungwe la Baobab Health atayamba kuika makompyuta m'zipatala kuyambira ku Kamuzu Central ku Lilongwe, anasankha masikilini ongodina ndi chala komanso zipangizo zosadya magetsi ambiri zoyendera mabatire, chifukwa anayang'ana kaye mmene anamwino ndi makalaliki amagwirira ntchito ndi mmene magetsi athu amathimira. Maganizo amenewo ndi omwe mwana azituluka nawo. A sukulu awonjezerepo USSD (zija za *211#) ndi SMS poti foni ya mabatani ikadali ponseponse, komanso kulemba mauthenga a pasikilini m'Chichewa chomveka, olo Chilhomwe pomwe pakufunika.

Kwa inuyo achimwene, musataye mtima ndi makompyuta. Muimbireni mnyamatayo mwaulemu akupatseni khodi yonse ndi mapasiwedi, ndipo ulendo wina mulembe pa pepala la mgwirizano kuti gawo lomaliza la malipiro lidzatuluka pulogalamu ikagwira ntchito kusikelo mwezi wathunthu.

Funso: Ankolo, ndili chaka chachitatu, kwathu ndi ku Bvumbwe. Kunena zoona ma asayimenti ambiri anzanga akungofunsa ChatGPT nkupereka, ndipo akukhoza. Ine ndimalimbana ndekha mpaka usiku. Kodi sindikudzivutitsa chabe? Mwinanso kosi yonseyi yatha ntchito.

Yankho: Mwana wanga, pitiriza kulimbana. Kuyambira pomwe ChatGPT inatuluka mu Novembala 2022 zinthu zasinthadi ndipo kuntchito udzaigwiritsa, palibe chifukwa choibisira. Koma imalemba khodi yolakwika ndi yolondola molimba mtima mofanana, ndipo amene angasiyanitse ndi yekhayo amene anavutikapo kulemba yekha. Kapitawo amene sanathyolepo tiyi sangadziwe ngati mudengu muli masamba awiri ndi nsonga kapena angodzazamo makalamba, amangoona dengu lodzaza nkusainira. Anzakowo tsiku la intavyu akadzawafunsa kuti mzere uwu ukutani, kapena sisitimu ikadzagwa usiku malipiro a anthu ali mawa, zidzawavuta.

Kumbali ya sukulu, ine ndikuona kuti chaka choyamba mayeso a koding'i azilembedwa mu labu popanda AI, ndipo asayimenti yopita nayo ku hositelo mwana azidzaifotokoza pakamwa pamaso pa lekichala, nkumuuza asinthe kanthu pomwepo. Kuyambira chaka chachitatu aziloledwa kuigwiritsa poyera koma azinena pomwe yawathandiza ndipo aziyankha okha pa cholakwika chilichonse. Pakhalenso phunziro lenileni la machine learning, la mmene zinthuzi zimaphunzirira ndi pomwe zimaphonya. A mabungwe a akatswiri a kompyuta, ACM ndi IEEE Computer Society, omwe amatulutsa ndondomeko ya zoyenera kukhala mu kosi imeneyi, mu ya CS2023 anakulitsa kwambiri gawo la AI poyerekeza ndi ya 2013, ili pa intaneti ukaione uyerekeze ndi zomwe mukuphunzira. Ndipo apa pali munda woti inu mulime, Google Translate inaika Chichewa mu 2014 koma uyese kuipatsa mwambi kapena Chichewa cha pamsika pa Bvumbwe uone. Pulojekiti yako ya chaka chomaliza itha kukhala pamenepo.

Funso: Ankolo, ndine mphunzitsi ku Goliati. Ndamva kuti ku yunivesite amaphunzitsa ana kuthyola ma sisitimu. Kodi sikupanga akuba kumeneko?

Yankho: Aphunzitsi, nkhawa yanu ndaimva, koma amene sadziwa mmene wakuba amalowera sangatseke. Ku MUST kuli kosi yonse ya Computer Systems and Security, koma ine ndikuti chitetezo chisakhale cha okhawo, aliyense wolemba mapulogalamu aphunzire. Adziwe kuti pasiwedi siisungidwa momwe ilili mu database, adziwe SQL injection, pomwe munthu amalemba lamulo m'kabokosi kolembamo dzina nkutulutsa zinsinsi zonse, ndipo ayese yekha kuthyola pa makompyuta a mu labu omwe aikidwira zimenezo.

Tonse tikukumbuka Cashgate ya 2013. Ndalama za boma zimatuluka kudzera mu sisitimu ya IFMIS, macheke nkulipidwa pa ntchito zosagwiridwa, kenako zolembedwazo nkufufutidwa. Amenewo sanali anthu akunja othyola, anali amkati okhala ndi mapasiwedi. Nkhani imeneyo ndi yoyenera kuphunzitsidwa m'kalasi sabata zingapo, ndani aziloledwa kuchita chani, bwanji wolowetsa malipiro asakhale yemweyo wovomereza, ndi mmene ungamangire sisitimu yoti chilichonse chofufutidwa chizisiya mapazi osafufutika. Ana aphunzirenso za akathyali aja amatumiza uthenga woti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, poti amenewo sathyola kompyuta, amapusitsa munthu, ndipo kapangidwe ka pulogalamu katha kuchepetsa kapena kukulitsa vutolo.

Malamulo nawo alowe. Tili ndi Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016 yomwe imaletsa kulowa mu sisitimu ya eni popanda chilolezo, ndi Data Protection Act ya 2024 yokhudza kasungidwe ka zinsinsi za anthu. Mwana amene adzagwire mndandanda wa odwala omwe amalandira ma ARV ayenera kumva kulemera kwa zomwe wanyamula asanatuluke pa geti. Chomwe sindifuna ndi choti phunziro la khalidweli lizikhala lija la semesita yomaliza lomwe aliyense amaloweza usiku umodzi, lizibwera mkati mwa pulojekiti iliyonse, lekichala azifunsa kuti manambala a foni a alimiwa wawasunga kuti ndipo angawaone ndani.

Funso: Ankolo, ndine mtsikana wa Fomu 3 ku Thekerani, laputopu ndilibe. Ndiyambire pati, ndipo chilankhulo chabwino choyamba ndi chiti?

Yankho: Mwana wanga, choyamba limbikira masamu ndi Chingerezi, ndi zomwe zidzakutsegulire khomo, ndipo ngati pasukulu panu pali Additional Mathematics kapena Computer Studies usazithawe. Chilankhulo yamba ndi Python, ndi yosavuta kuwerenga ndipo pali ma app aulere oti utha kuilemba pa foni ya Android ya achimwene kapena achemwali ako, ena amagwira popanda intaneti ukangowatsitsa kamodzi. Foni ikasowa lemba mu kope nkumatsata mzere ndi mzere ndi pensulo kuti nambala iliyonse ikusintha bwanji, luso limenelo lidzakuthandiza mpaka chaka chomaliza. Java, C ndi SQL udzazipeza kutsogolo, ukagwira bwino chimodzi zinazo sizivuta. Anyamata akakuuza kuti kosi imeneyi si ya atsikana uwauze za Rachel Sibande amene anayambitsa mHub ku Lilongwe, malo othandizira achinyamata pa luso la makompyuta. Ntchito yako yoyamba nayi, lemba kapulogalamu kolandira malikisi a maphunziro ako a temu ino nkukuuza avereji ndi phunziro lomwe watsika kwambiri, ukamaliza unditumizire ndidzakuyankha mu gawo lotsatira.